Tifunseni: Kutchula nthawi m'Chisipanishi

Funso: Ndikuphunzira Chisipanishi pafoni kuno ku Kamwendo. Mnzanga wa ku Madrid analemba kuti tiimbirane "a las ocho menos cuarto". Ine ndinaimba kota pasiti 8, n'kupeza wachokapo kale. Ndinalakwa pati? Nanga bwanji pena amati "es la", pena "son las"?
Wowerenga wathu, Mchinji

Yankho: Achimwene, mawu amene anakusocheretsani ndi menos. Tanthauzo lake ndi kuchotsera. Las ocho menos cuarto ndi 8 koloko kuchotsapo mphindi 15, kota tu 8 ija, 7:45. Kota pasiti 8 akanalemba las ocho y cuarto, poti y ndiye wowonjezera. Choncho 8:30 ndi las ocho y media, 8:10 ndi las ocho y diez. Hafu ikangodutsa, a ku Spain amalumphira ku ola lotsatira n'kumachotsera: 8:40 imakhala las nueve menos veinte. Apa m'pamene ambiri amagwa, chifukwa khutu limagwira nueve n'kutaya menos. A ku Mexico amakonda kunena veinte para las nueve, koma nthawi yake ndi yomweyo.

Za es la ndi son las n'zosavuta. Ola likakhala limodzi mumati es la una, ngakhale pa 1:30 (es la una y media). Kuyambira 2 mpaka 12 maola achuluka, ndiye son las dos, son las doce. Musanene uno apa. Mawu akuti hora (ola) amatengedwa ngati achikazi, n'chifukwa chake una.

Mvetseraninso funso bwinobwino. ¿Qué hora es? ndi "nthawi ili bwanji?", pomwe ¿A qué hora? akufuna kudziwa nthawi yomwe chinthu chichitike, ndipo yankho limayamba ndi a: a las tres.

Pomaliza onjezani de la mañana (m'mawa), de la tarde (masana ndi madzulo) kapena de la noche (usiku). Ku Spain 7 koloko, pamene kwathu kuno kwada kale, akadali kunena de la tarde.

Manambala ovutitsa ndi once, amene ndi 11 ndipo amatchulidwa "onse" ku Mexico (ku Madrid c ameneyu amamveka ngati th wa m'mawu a Chingerezi akuti think), komanso sesenta 60 ndi setenta 70. Kumbukirani seis (6) ndi siete (7). Kuyambira 16 mpaka 29 amalemba mawu amodzi, monga veinticinco (25), koma 35 ndi treinta y cinco.

Musanaimbe, yang'anani mwezi. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, Madrid ndi Mchinji nthawi ndi imodzi. Miyezi inayo iwo amatsalira ndi ola limodzi, moti 7:45 yawo ndi 8:45 yanu.