Bwanji malamulo a Covid ankangosinthasintha? Yankho kwa mayi wa ku Randburg

Mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, ku Joni kuno ku South Africa, wandilembera imelo. Akuti: "Nthawi ya Covid ija boma la kuno linkanena china m'mawa, madzulo lasintha. Ankatinamiza dala kapena sankaidziwa ntchito? Mliri wina ukabwera tidzawamvere?"

Mayi, kusadziwa kunalipo, kuba kunaliponso. Koma chimene chinasokoneza kwambiri, momwe ndikuonera ine, n'chakuti ntchito inali imodzi, oigwira anali ambirimbiri, ndipo sankamvana.

Kusadziwako sindiwadzudzula nako kwenikweni. Wodwala woyamba analengezedwa pa 5 Malichi 2020, bambo wa ku KwaZulu-Natal amene anali atangobwera kuchokera ku Italy. Pa 15 Malichi pulezidenti, a Cyril Ramaphosa, anati dziko lili pa ngozi, pa 27 Malichi tonse tinali m'nyumba. Masabata atatu basi. Masiki kuno anakhala lamulo pa 1 Meyi, pomwe a WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, anadzayamba kuwalimbikitsa kwa anthu wamba mu Juni. Matenda anali achilendo kwa aliyense.

Pa nkhani yoyeza ndi pamene zinavuta zedi. Boma linatumiza a zaumoyo khomo ndi khomo m'malo ngati Alexandra, kufunsa za chifuwa ndi kutentha thupi, okayikitsa n'kuwapisa kathonje m'mphuno. Ganizo linali labwino. Koma mankhwala oyezera mu labotale maiko onse ankalimbirana, ndipo pofika kumapeto kwa Meyi timabotolo toposa 90,000 tinali titaunjikana ku malabotale a boma, osayezedwa. Munthu ankadikira sabata, mwina kuposa. Taganizani mnyamata wa ku Diepsloot amene amagona ndi anzake anayi m'chipinda chimodzi cha malata, mpope umodzi pabwalo ponse. Podzafika uthenga pa foni woti ali nako kachilombo, iye wachira kale, amene akutsokomola ndi anzake aja, mmodzi wapita ku maganyu. Ziwerengero zomwe nduna ya zaumoyo, a Zweli Mkhize, ankalengeza usiku uliwonse zinali za masiku apitawo, koma malamulo a mawa ankatsamira pomwepo.

Ndiye tabwerani kwa ogwira ntchito aja. Mfundo zimachokera ku unduna wa zaumoyo ku Pretoria. Zipatala zikuluzikulu ngati Baragwanath ndi Charlotte Maxeke zili m'manja mwa chigawo cha Gauteng, makiliniki ambiri ang'onoang'ono ndi a khonsolo ya mzinda. Matakisi ali ndi nduna yawo, mashopu yawo, apolisi yawo. Pa 1 Epulo nduna ya zamtengatenga, a Fikile Mbalula, analola matakisi kudzaza anthu bola avale masiki, tsiku lomwelo anabweza n'kunena kuti 70 peresenti. Pa 23 Epulo pulezidenti anati fodya ayamba kugulitsidwa, pasanathe sabata nduna yoona za malamulo a mliriwu, a Nkosazana Dlamini-Zuma, anati ayi. Za ma spaza, timashopu ta m'makomboni, nduna ina inayamba yanena kuti atsegule a nzika zokha, kenako malamulo anadzalola onse okhala ndi chilolezo. Wapolisi wa pamsewu ankatsatira chimene anamva komaliza, ndipo nthawi zambiri sichinali chimene munamva inuyo. Ku Alexandra a Collins Khosa anamwalira pa 10 Epulo atamenyedwa ndi asilikali pakhomo pawo pomwe, nkhani yake ya mowa.

Kuba ndingokudutsa, poti mukukudziwa. Ndalama zogulira zodzitetezera za anamwino ku Gauteng zinadyedwa m'makontilakiti, ndipo mkulu wa zaumoyo m'chigawochi, a Bandile Masuku, anachotsedwa mu Okutobala 2020 kaamba kolephera kuyang'anira.

Chimene chimandiwawa ndi cha ife eni. Thandizo la boma la R350 pamwezi kwa osowa ntchito linatuluka osaganizira alendo ambiri. Khoti linadzalamula mu Juni kuti opempha chitetezo ndi a mapemiti apadera alandire nawo, koma Amalawi ambiri a ku Joni kuno sali m'magulu amenewo. Pogawa chakudya, malo ambiri ankayamba ndi ID. Munthu wopanda mapepala, ntchito yatha, lendi ikudikira, mukuti apite yekha akalembetse dzina ndi adiresi kwa anthu a boma? Ambiri anadwalira m'nyumba ndi ndimu ndi jinja. Ndondomeko inalembedwa ngati anthu amenewa kulibe, chikhalirecho amakwera takisi imodzi ndi nzika.

Mathero ake anali mabasi. Kumapeto kwa Meyi abale athu anadzazana kudzera pa Beitbridge, Tete mpaka pa Mwanza, masiku angapo phewa ndi phewa. Atafika anawaika pa Kamuzu Stadium ku Blantyre kudikira zotsatira, chakudya ndi zimbudzi zosakwanira, ndipo oposa 400 anathawa kupita m'midzi mwawo, ena ali ndi kachilombo.

Ndiye kuwamvera? Pa za matenda enieniwo, eya. Lamulo likasintha chifukwa madokotala aphunzira china chatsopano, tsatirani latsopanolo, ndipo zomwe NICD, nthambi ya boma yofufuza za matenda opatsirana, yalemba ndi zodalirika kuposa mauthenga a pa WhatsApp. Pa za mimba yanu ndi denga lanu musadikire boma. Kambiranani ndi a kumpingo kwanu kapena a chipereganyu chanu lero lomwe: ndani angasunge wodwala payekha, ndi kiliniki iti yapafupi imene imalandira munthu popanda kuyamba ndi pasipoti.