Mapazi Anga Amatentha Usiku Ndipo Amachita Dzanzi

Funso: Ndine mayi wa zaka 54. Kwa miyezi ingapo tsopano mapazi anga akhala akutentha kwambiri usiku moti ndimalephera kufunda, ndipo zala zake zimachita dzanzi. Tsiku lina nsapato inavuka ndikuyenda koma sindinamve. Anzanga akuti magazi sakuyenda bwino. Kodi vuto ndi chiyani?

Yankho: Mayi, zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi kuwonongeka kwa mitsempha yonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo, osati yoyendetsa magazi, ngakhale kuti amene angatsimikize ndi dokotala atakupimani. Mitsempha yaitali ndiyo imayamba kuwonongeka, n'chifukwa chake vutoli limayambira kuzala za mapazi onse awiri n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo likafika cha m'mawondo, zala za m'manja nazonso zimayamba kuchita dzanzi. Ena amamva kubaya ngati singano, ena amafooka miyendo kapena kudzandira mumdima, ndipo mitsempha yoyendetsa ziwalo zamkati ikakhudzidwa munthu amachita chizungulire akaimirira, amavutika pokodza kapena kudzimbidwa.

Choyamba kuyezetsa ndi shuga, chifukwa ndi amene amayambitsa vutoli mwa anthu ochuluka. Pafupifupi theka la odwala matenda a shuga mitsempha yawo imawonongeka pakapita zaka, ndipo ena amadziwa kuti ali ndi matendawa mapazi atayamba kale kutentha. Shuga akakhala wokwera nthawi yaitali amawononga mitsemphayi pamodzi ndi timitsempha ta magazi timene timaidyetsa. Kumwa mowa kwambiri kwa zaka zambiri, kuchepa kwa vitamini B12, matenda a impso, kachilombo ka HIV ndi khate zimachitanso zomwezi.

Mankhwala nawonso musawaiwale, poti odwala ambiri sawatchula akapanda kufunsidwa. Isoniazid, amene amamwedwa pochiza kapena popewa chifuwa chachikulu, amatha kuwononga mitsempha, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi vitamini B6. Mankhwala ena a khansa, monga vincristine, amateronso, ndipo metformin wa odwala shuga amachepetsa vitamini B12 mwa ena akamwedwa zaka zambiri. Izi sizikutanthauza kuti musiye nokha mankhwala, koma muwatenge onse pokaonana ndi dokotala. Musathamangirenso kugula mavitamini, chifukwa B6 yemweyo akachuluka kwambiri m'thupi amawononga mitsempha.

Pa zonse mwalembazi, chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si kutentha ayi, koma nsapato imene inavuka inu osamva. Ululu umamutumiza munthu kuchipatala, pamene dzanzi limamupusitsa kuti zinthu zili bwino. Phazi losamva limapondera msomali, limapsa ndi madzi otentha kapena kutsukutidwa ndi kamwala kamene kalowa mu nsapato, mwini wake osadziwa, ndipo kachilonda kakang'ono kotero ndi kamene kamafikitsa odwala shuga ena podulidwa mwendo. Choncho muziona mapazi anu madzulo aliwonse, kunsi ndi pakati pa zala pomwe, musayende opanda nsapato, ndipo madzi osamba muziyamba mwawayesa ndi chigongono.

Kuchira kumadalira chimene chinayambitsa. Ngati ndi vitamini kapena mankhwala ndipo zadziwika msanga, zinthu zimatha kubwerera, ngakhale kuti pamafunika kudekha popeza mtsempha umene ukuphukanso umakula pafupifupi milimita 1 yokha patsiku. Ngati ndi shuga, cholinga chachikulu chimakhala kuletsa vutoli kuti lisapitirire. Mankhwala wamba opha ululu kawirikawiri sathandiza kwenikweni, koma dokotala akhoza kukulemberani ena monga amitriptyline kapena gabapentin.

Dzanzi kapena kufooka kukabwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, pakamwa n'kupindika, kapena kufooka kukamakwera kuchokera kumapazi m'masiku ochepa chabe, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.