Prius ikugogoda m'mawa, amakaniko akuti titseke EGR

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndili ndi Toyota Prius ya 2012, yayenda makilomita 190,000. Ndikailiza m'mawa imanjenjemera n'kumagogoda ngati muli zitsulo zomasuka, koma pakangopita kanthawi kochepa imakhala bwinobwino. Nyali ya check engine yayaka, ndipo makina a diagnosis aonetsa P0401 ndi P0301. Makaniko wina akuti titseke EGR ndi kachitsulo nkhani ithe. Wina akuti batire yayamba kufa. Ndimvere ndani?"

Bambo, onse awiriwo muwathokoze, koma musatulutse ndalama. Batire yaikulu ya hybrid, imene imayendetsa mota yamagetsi, ikamafooka imabweretsa nambala yake, kawirikawiri P0A80, ndipo siichititsa silinda imodzi yokha kumisa, kutanthauza kulephera kuyaka moto bwino. Nambala zanuzo zikunena zina. P0401 ikuti utsi wodutsa mu EGR, njira yobwezera utsi pang'ono mu injini, wachepa, P0301 ikuti silinda yoyamba ikumisa. Ziwirizi zikakumana pa Prius ya m'badwo wanuwo, ine mtima umapita kaye ku gasiketi ya hedi, imene imatseka pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, EGR pambuyo.

Galimoto lanu ndi Prius ya m'badwo wachitatu, ZVW30, imene inapangidwa kuyambira 2009 mpaka 2015. Injini yake ndi 2ZR-FXE ya malita 1.8, yomweyo imene ili mu Prius Alpha, Auris Hybrid ndi Lexus CT200h. Prius ya m'mbuyo mwake, NHW20, inalibe EGR, n'chifukwa chake amakaniko amene anazolowera yakaleyo nthawi zina vutoli limawazunguza mutu.

Ntchito ya EGR ndi kutapa utsi pang'ono ku ekizozi, kuuziziritsa, n'kuubwezera m'masilinda pamodzi ndi mpweya watsopano. Utsi unapsa kale, sungayakenso, choncho umachepetsa ukali wa moto mu silinda. Moto ukazizirako, mpweya woipa wa NOx umachepa, injini siiphulitsa petulo nthawi isanakwane, komanso imamwa mafuta ochepa chifukwa siivutika kwambiri pokoka mpweya. Pa galimoto wamba EGR imagwira apo ndi apo. Pa hybrid kompyuta imayesetsa kuti injini ikamalira izigwira ntchito pa mphamvu yapakatikati, ndipo apa m'pamene EGR imatseguka kwambiri. Utsi wodutsamo ndi wambiri, ndipo mwaye wake ndi wambirinso.

Njira ya utsiwo ili ndi malo anayi, ndipo apa ndichedwepo chifukwa m'pamene ndalama za anthu zimatayikira. Poyamba pali cooler, kabokosi kachitsulo kosachita dzimbiri kamene kali ndi timipata topyapyala m'kati, kozunguliridwa ndi madzi oziziritsa injini. Kenako pali valavu yokhala ndi kamota kamagetsi. Kuchokera apo utsi umadutsa m'paipi yaifupi n'kulowa mu intake manifold ya pulasitiki, momwe umagawanika m'timabowo tinayi, kamodzi pa silinda iliyonse. Timabowoti n'tating'ono, cholembera sichingalowe bwino. Mu manifold momwemo mumafikanso nthunzi ya oyilo yochokera ku valavu ya PCV, imene imatulutsa nthunzi ya m'mimba mwa injini. Mwaye wouma ukakumana ndi nthunzi ya oyilo umasanduka phala lakuda lomata, ngati lija limalendewera kudenga la khitchini ya nkhuni.

Vuto lake n'lakuti timabowo tinayito sititsekeka tsiku limodzi. Kena kamatsekekeratu pamene kena kakadali kotseguka. Kompyuta siiona zimenezi. Imangodziwa kuti yatsegula valavu, ndipo imakonza nthawi yothetheka mapulagi poganiza kuti masilinda onse alandira utsi wofanana. Silinda imene bowo lake latsekeka imayaka moto waukali kuposa muyeso, pamene inzake ikutsamwa ndi utsi wochuluka. Amakaniko ambiri odziwa magalimotowa amaloza zimenezi ngati chimodzi mwa zifukwa zimene gasiketi ya hedi imaphulikira pa injini imeneyi, makamaka cha ku silinda yoyamba. Ena amati gasiketiyo imatopanso chifukwa injini ya hybrid imangoti kuyaka, kuzima, kutentha, kuzizira tsiku lonse. Kwa mwini galimoto mkanganowu ulibe phindu kwenikweni, chifukwa mbali zonse zimagwirizana kuti EGR yotsekeka imawonjezera vuto.

Tsopano kugogoda kwa m'mawa kuja. Prius ilibe torque converter, chija cholumikiza injini ndi giyabokisi kudzera mu oyilo, ngati otomatiki wamba. Pakati pa injini ndi giyabokisi pali chimbale cha masipuling'i chochepetsa kugwedezeka, basi. Silinda imodzi ikamisa, kugwedezeka konse kumafika ku magiya, n'chifukwa chake phokoso lake limamveka ngati injini ikusweka. Funso n'lakuti chikuichititsa kumisa m'mawa mokha n'chiyani. Chikhoza kukhala chinyezi ndi oyilo zimene zadikha mu manifold usiku. Akhoza kukhala pulagi kapena koyilo yotopa. Koma chikhozanso kukhala madzi oziziritsa injini amene akudontha pang'onopang'ono kudzera pa gasiketi n'kugona pamwamba pa pisitoni. Mukailiza, pulagi imanyowa, silinda imamisa mpaka madziwo atapsa, kenako zonse zimaoneka bwino mpaka mawa.

Chiyeso choyamba sichifuna ndalama. Injini ili yozizira, tsegulani boneti mupeze kathanki ka madzi a injini. Samalani, mathanki a madzi apinki alipo awiri, kena n'ka inverter, bokosi losintha magetsi a batire popita ku mota. Lembani mzere ndi cholembera pamene madzi alekezera, ndipo muziyang'ana m'mawa uliwonse kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Ngati akutsika koma pansi pa galimoto sipakunyowa, ndiye kuti injini ikuwamwa. Mukatero pitani ku galaja yokhala ndi zida. Auzeni apope mpweya mu njira ya madzi, galimoto ligone, m'mawa achotse pulagi ya silinda yoyamba n'kulowetsa kakamera. Pisitoni yabwinobwino imakhala yakuda ndi mwaye. Mukaona imodzi yowala mbee pamene zinzake zili bii, kapena kadontho kapinki m'mphepete mwa silinda, yatsukidwa ndi nthunzi ndipo gasiketi yapita. Palinso chiyeso cha mankhwala abuluu amene amasanduka achikasu ngati utsi ukulowa m'madzi, ngakhale kuti kabowo kakakhala kakang'ono kwambiri nthawi zina sachionetsa.

Gasiketi ikapezeka kuti yaphulika, galimoto liime. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Tsiku lina adzachuluka mu silinda, mota yamagetsi imene imayatsa injiniyo ili ndi mphamvu zambiri kuposa sitata wamba, ndipo ndodo ya pisitoni idzapindika. Pamenepo simukambanso za gasiketi, mukufunafuna injini ina. Mankhwala a m'botolo otsekera kudontha othira mu rediyeta aja musayese n'komwe, amatseka ndi malo osafunika kutseka.

Madzi akakhala kuti sakutsika, mwapulumuka, koma EGR itsukidwe msanga, ndipo itsukidwe yonse. Zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti makaniko amamasula paipi ndi valavu, chifukwa ndi zimene dzanja limafika mosavuta, amazitsuka ndi petulo, amafufuta nambala pa kompyuta, n'kukupatsani makiyi. Patapita milungu ingapo nyali ija yabwerera. Cooler ili kumalo ovuta kufika, ndipo kuti ituluke pamafunika kuchotsa mawaipa ndi chitsulo chonse chimene chili pansi pake. Ndi ntchito ya tsiku, osati ya ola limodzi. Ikatuluka, itengeni nokha muiloze ku dzuwa. Yabwino mumaona kuwala kudutsa m'timipata tonse. Yotsekeka mumangoona mdima, mwina kakuwala kamodzi pakona. Iviikidwe m'mankhwala amphamvu ochotsa girisi, itsukuluzidwe ndi madzi a pulesha, ibwerezedwe mpaka kuwala kuoneke. Mankhwalawo akakhala a soda asakhudze valavu, chifukwa ndi ya aluminiyamu ndipo amaidya, komanso kamota kake kasaviikidwe m'chilichonse. Manifold ichotsedwe, timabowo tinayi tija tikolokosedwe ndi kaburashi kapena waya mpaka tonse titseguke mofanana. Ngati makaniko sakudziwa kuti timabowoti tilipo, si woyenera ntchitoyi. Valavu ya PCV ndi yotchipa ndipo manifold ikachoka imaonekera poyera, ndiye isinthidwe nthawi yomweyo, pamodzi ndi magasiketi ang'onoang'ono a EGR.

Pobwezera, madzi akhale apinki a Toyota Super Long Life Coolant kapena ofanana nawo, osati a pampopi. Pampu ya madzi pa injiniyi ndi yamagetsi, ilibe lamba, ndipo kuti mpweya wotsalira utuluke galimoto liikidwe pa maintenance mode kuti injini isamazime yokha. Nanunso mukakhala pafupi onetsetsani kuti nyali ya READY ya pa dashibodi yazima makaniko asanapisemo dzanja, chifukwa hybrid imayatsa injini yokha osachenjeza. Mawaya a mtundu wa lalanje asawakhudze, chifukwa ndi amene amanyamula magetsi amphamvu. Batire yake ndi ya mavoti 201.6 ndipo inverter imawakweza mpaka 650.

Za kutseka EGR ndi kachitsulo, ndikumvetsa kumene maganizowo amachokera. Anthu amachita zimenezi pa mapikapu a dizilo ndipo amati galimoto likuyenda. Ngakhale kumeneko ndi kuipitsa mpweya, koma pa Prius n'kudzipweteka nokha. Mukatseka, mwapanga dala vuto lomwe lija la bowo lotsekeka, koma pa masilinda onse anayi. P0401 siichoka, petulo amayamba kutha msanga, ndipo gasiketi imene ili kale pa makilomita 190,000 mukuiwonjezera moto.

Eni ake ambiri a magalimotowa amatsuka EGR osadikira nyali. Kwa ife amene timagula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam, nambala ya makilomita ya pa dashibodi siinena mbiri yonse, ndiye ine ndimati ZVW30 ikangofika m'manja mwanu, itsukeni. A Aqua ndi a Fielder kapena Axio Hybrid musaseke. Injini yanu ya 1NZ-FXE ya malita 1.5 ilinso ndi EGR yoziziritsidwa ndipo imadetsedwa chimodzimodzi, kungoti mbiri ya magasiketi yatchuka kwambiri pa ya 1.8. Pa Prius ya m'badwo wachinayi, imene inatuluka kumapeto kwa 2015, Toyota inasintha kapangidwe ka EGR ndipo madandaulo amtunduwu ndi ochepa.

Oyilo nayenso ali m'nkhaniyi. Injini za 2ZR-FXE za zaka zoyambirira zimadziwika kuti zikakalamba zimayamba kumwa oyilo kudzera m'maring'i a mapisitoni, ndipo oyilo wopsayo amathera mu EGR momwemo. Buku la galimoto limati oyilo akhale wa 0W-20. Chizolowezi chathu chothira 20W-50 m'chilichonse cha matayala anayi sichigwirizana ndi injini imene imayaka ndi kuzima kambirimbiri pa ulendo umodzi wa ku Area 25 kupita m'tauni. Ndi fumbi lathuli komanso maulendo afupiafupi, musatalikitse sevisi, ndipo muzisolola kandodo koyezera oyilo nthawi iliyonse mukamwetsa petulo. Sefa ya mpweya muziiona pafupipafupi m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala.

Mukapita ku galaja mukapemphenso kuti asinthanitse koyilo ndi pulagi ya silinda yoyamba ndi za silinda ina. Nambala ikasamuka n'kukhala P0302 kapena P0303, vuto la kumisa linali koyilo kapena pulagi, ndipo mukazisintha mwatsala ndi ntchito yotsuka yokha. Ikakakamira pa P0301, kakamera kaja kalowe musanagule chilichonse.