Jakisoni wa testosterone: zimene thupi limachita mukangoyamba

FUNSO: Adokotala, ndili ndi zaka 47. Atandiyeza magazi kawiri m'mawa anapeza kuti testosterone, homoni yachimuna, ndi wochepa, ndiye anandiyambitsa jakisoni wa Sustanon 250 pakatha masabata atatu aliwonse. Thako limandipweteka masiku angapo, kumaso kwatuluka ziphuphu ndipo mawere akuwawa ndikawakhudza. Sabata yoyamba ndimakhala wamphamvu koma waukali, yachitatu ndimangofooka. Kodi ndisiye? — Bambo wa ku Zomba

YANKHO: Musasiye panokha bambo. Zimene mwatchulazi zimachitikira ambiri miyezi yoyambirira, ndipo zambiri zimakonzeka.

Thako limapweteka chifukwa mankhwalawa amasungunulidwa m'mafuta, ndipo mafutawo amakhala mumnofu n'kumalowa m'magazi pang'onopang'ono. Wobayayo afunditse kaye kabotoloko m'manja, abaye mozama kumtunda kwa thako chakumbali, asafulumire, ndipo azisinthasintha matako. Kuwawa kwa masiku awiri kapena atatu si vuto. Koma pamalopo pakamatentha, kutupa kukamakulirakulira, thupi n'kutentha, pitani kuchipatala msanga, mwina mukati mwayamba mafinya. Mafuta a mu Sustanon ndi a mtedza, choncho amene mtedza kapena soya zimawatulutsa ziwengo sayenera kubayidwa mankhwalawa.

Ziphuphu zimabwera chifukwa khungu layamba kutulutsa mafuta ambiri. Mawere amawawa chifukwa thupi limasandutsa gawo lina la testosterone kukhala estradiol, homoni imene imachuluka mwa amayi. Mukamva kachotupa kolimba pansi pa nsonga ya bere, kapimitseni.

Ukali ndi kufooka kuja n'chizindikiro chakuti mankhwala akukwera kwambiri masiku oyamba n'kutsika jakisoni wina asanakwane. Adokotala anu akhoza kuchepetsa mlingo n'kumakubayani pafupipafupi, kapena kukusinthirani mtundu wina. Magazi oonera zimenezi amatengedwa tsiku la jakisoni, musanabayidwe.

Chimene ife timachiopa kwambiri simunachitchule n'komwe, chifukwa nthawi zambiri sichimveka m'thupi. Testosterone amachulukitsa maselo ofiira, magazi n'kuyamba kulimba ngati phala lochuluka ufa, ndipo magazi otere savuta kuundana m'mitsempha. Muyezo wake umatchedwa haematocrit, ndipo umapezeka akayeza full blood count. Uyezedwe musanayambe, kenako pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndiyeno chaka chilichonse. Ukapitirira 54 peresenti jakisoni amayamba waimitsidwa, nthawi zina amachotsako ndi magazi. Pa msinkhu wanuwu ayezenso PSA m'magazi poona za prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, komanso BP, popeza mankhwalawa amasunga madzi ndi mchere m'thupi mpaka ena amatupa mapazi. Ngati mumamwa warfarin kapena mumabaya insulin, nenani, milingo yake ingafunike kusintha. Mayi a kunyumba akamadandaula kuti mkonono wakula ndipo mukumabanika kutulo, musawatenge ngati akungokunenani. Vutoli likhoza kukula ndi testosterone.

Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, pamtima pakamawawa, mpweya ukamaperewera, kapena pakamwa pakapotoka, musadikire tsiku la jakisoni, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

FUNSO: Atangomaliza kundibaya Nebido ndinayamba kutsokomola osalekeza, thukuta lili kamukamu. Zinatha patapita mphindi zochepa. Chinali chiyani? — Wowerenga wa ku Lilongwe

YANKHO: Zikuoneka kuti timadontho ta mafuta tinalowa mumtsempha n'kukafika kumapapo. Nebido ndi jakisoni wamkulu wa testosterone, mamiligalamu 1,000 mu mamililita 4 a mafuta a nsatsi, n'chifukwa chake amayenera kulowa pang'onopang'ono, kwa mphindi ziwiri kapena kuposa. Sizichitika kawirikawiri ndipo zimakonda kutha zokha, komabe muwauze anamwino ulendo wina asanakubayeni, ndipo mukhale pachipatalapo mphindi 30 musananyamuke. Milomo kapena lilime zikatupa, khungu n'kuyamba kuyabwa, zimenezo ndi zina: thupi likukana mankhwalawo, ndipo pamafunika thandizo nthawi yomweyo.

FUNSO: Ndili ndi zaka 31, takhala pabanja zaka ziwiri opanda mwana. Mnzanga wa ku jimu akuti ndigule jakisoni wa testosterone kuti mphamvu zibwere. Athandiza? — Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Ayi achimwene, ameneyo angakutsekereni mwanayo. Ubongo ukaona kuti testosterone wachuluka m'magazi umasiya kutumiza mahomoni awiri, LH ndi FSH, amene amalamula machende kugwira ntchito. Mbewu yaumuna imachepa, mwa ambiri mpaka kutheratu m'miyezi yochepa, ndipo machende amachepa. Chimene chimanamiza anthu n'chakuti chilakolako chimakwera ndipo umuna umatuluka ndithu, koma mulibe mbewu. Mukasiya, mbewuyo imatenga miyezi yambiri kuti ibwerere, ena chaka kapena ziwiri. Izi sizikutanthauza kuti jakisoniyu ndi njira yolera yodalirika.

Timabotolo togulidwa m'majimu sitidziwikanso kuti muli chiyani ndi mlingo wanji, ndipo kubwerekana singano kumafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Pitani nonse awiri ndi alamu athuwo kuchipatala. Inu mukayezetse umuna mutakhala masiku awiri mpaka asanu ndi awiri osagonana, komanso magazi a m'mawa oona testosterone, LH ndi FSH. Akapezadi kuti testosterone ndi wochepa, alipo mankhwala ena, monga hCG, amene amadzutsa machende osapha mbewu.