Kukoma kwa filimu yobwezera kumachokera kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba, woimba kwaya kutchalitchi kwawo. Akuti waonera filimu ya John Wick kanayi, ndipo ulendo uliwonse stelingi akayamba kugwetsa adani mmodzimmodzi, iye mtima umakhala myaa. Funso lake ndi lakuti: kodi ndili ndi mtima woipa, poti Lamulungu lililonse ndimaimba za kukhululuka?

Achimwene, ayi, mtima wanu suli woipa. Chimene chimakukomerani si magazi. Ndi ngongole imene ikubwezedwa inu mukuona ndi maso anu.

Taganizirani mmene filimu ija ya mu 2014 imayambira. Kwa kanthawi ndithu palibe mfuti ikulira. Mkazi wa John Wick wamwalira ndi matenda, ndipo maliro atatha kukubwera kamwana kagalu komwe mayiyo anakonzeratu kuti kadzamutonthoze mwamuna wake. Tikukaona kakumudzutsa m'mawa, kakukwera naye m'galimoto. Kenako mwana wa mkulu wa zigawenga za ku Russia akuthyola nyumba usiku, kumumenya, kupha kagaluko n'kuba galimoto. Pofika pamene Keanu Reeves, yemwe akusewera ngati John Wick, akutenga chihamala n'kuyamba kuswa simenti ya pansi pa nyumba kuti afukule mfuti zomwe anakwirira atasiya ntchito yopha anthu, inu mwamulola kale. Filimu yabwino yamtunduwu imayamba yakupwetekani kaye, n'kukudikiritsani. Imene imathamangira kuwomberana pa mphindi yachiwiri ine ndimaisiya panjira, chifukwa sindinalire naye munthuyo.

Ine zimenezi ndinazidziwira ku vidiyo sho ndili mwana. Kachipinda kamdima, mabenchi a matabwa, TV ili pamwamba pa shelefu, thukuta lili kamukamu. Tsiku lina anaika Kickboxer ya mu 1989. Tong Po, mdani wa mufilimuyo, atamuthyola msana mkulu wake wa stelingi Van Damme mu ring'i ku Bangkok, m'chipindamo munangoti zii. Bambo wina yemwe anakhala kutsogolo kwanga anavula chipewa n'kuchifinya m'manja. Tinapirira naye Van Damme pamene ankamenya mtengo ndi mwendo mpaka kugwa ndi ululu. Ndiye pa nkhondo yomaliza ija, manja atakulungidwa zingwe zomatidwa magalasi oswekasweka, tonse tinaimirira, kukuwa kuti "Mmenye! Mmalize!" Anthu osadziwana tinatuluka tikugwirana chanza.

Palinso kukoma kwa luso. Chad Stahelski, amene anatsogolera John Wick, anali munthu wochita zodumpha ndi zogwa m'malo mwa Reeves mu The Matrix ya mu 1999. N'chifukwa chake kamera yake imaima patali n'kukulolani kuona thupi lonse, phazi likuponda pati, dzanja likugwira pati, zipolopolo zikatha munthu akusintha bwanji. Zimenezo maso amazikonda ngati mmene amakondera gule wovinidwa bwino.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chimandivutitsa maganizo, ndipo sindikubisirani. Mufilimu kamera inatisonyeza wolakwa. Tinamuona nkhope, tinamuona akuchita. Pamsika wina akakuwa kuti "Wakuba!", ambiri mwa otola miyala sanaone kanthu, angomva. Mtima wofuna kuti woipa alandire zake ndi womwewo, koma kunja kuno palibe anatijambulira chiyambi cha nkhani, ndipo anthu osalakwa afapo mwa njira imeneyi. Ine ndikatuluka mufilimu yotere ndimadzikumbutsa zimenezo.

Ngati mukufuna kuona mbali ina ya nkhaniyi, funani Oldboy ya ku South Korea, ya mu 2003, yomwe anatsogolera Park Chan-wook. Munthu akutsekeredwa m'chipinda zaka 15 osauzidwa chifukwa, kenako akumutulutsa. Muli nkhondo ya m'kakhonde kopapatiza, iye ali ndi hamala yokha, yojambulidwa kamera osadula, mpaka mukumuona akutopa, akugwa, mpeni uli pamsana. Pamenepo mudzasangalala ngati mmene mumachitira ndi John Wick. Koma akadzadziwa amene anamutsekera ndi chifukwa chake, simudzaimirira kukuwa. Ndi filimu yolemera kwambiri, ya akuluakulu okha, choncho muonere ana atagona.