Timu yasiya kupambana pakhomo: vuto ndi ovulala kapena masapota?

Imelo yomwe tikuyankha lero yachokera kwa sapota wina amene mtima ukumuwawa ndi timu yake. Mwachidule akuti sizoni yatha alendo ankangobwera kudzasiya mapointi pabwalo lawo, koma sizoni ino timuyo yayamba kugonja ndi kulepherana pakhomo pomwe, chonsecho koyenda ikuchitako bwino. Osewera atatu odalirika ndi ovulala, awiri otchinga kumbuyo ndi mmodzi wapakati. Anthu achepa kubwalo, ndipo amene akubwerabe ayamba kukuwiza osewera awo omwe. Akufunsa kuti chayambitsa mavutowa n'chiyani, ovulala kapena masapota, nanga kochi achotsedwe?

Achimwene, yambani ndi ovulalawo. Ndipo musangowerenga kuti avulala angati. Funsani kuti ankasewera malo ati, ndipo ndani wachotsedwa pamalo ake kuti akatseke mipata imene asiya. Nthawi zambiri matenda a timu amagona pamenepo.

Chitsanzo chomveka bwino ndi Liverpool ya sizoni ya 2020/21, chifukwa ovulala, kusowa kwa masapota ndi kugonja pakhomo zinakumana pamodzi. Kuchokera mu Epulo 2017 timuyi inasewera masewero 68 a ligi pabwalo lake la Anfield osagonjapo. Mu Okutobala 2020 Virgil van Dijk anavulala bondo pamasewero awo ndi Everton, mu Novembala Joe Gomez nayenso bondo, ndipo kumapeto kwa Januwale 2021 Joel Matip, yemwe ankangovulalavulala kale, anavulala kakolo. Onse atatu ndi otchinga pakati kumbuyo ndipo palibe amene anaseweranso sizoni imeneyo. Burnley inawagonjetsa 1-0 pa Anfield pa 21 Januwale, kenako motsatizana anagonjanso pakhomo ndi Brighton, Manchester City, Everton, Chelsea ndi Fulham. Taonani apa: m'masewero 6 amenewa Liverpool inagoletsa chigoli chimodzi chokha, nachonso cha penate ya Mohamed Salah. Ovulala anali akumbuyo, koma chimene chinauma ndi zigoli.

Zinatheka bwanji? Kochi wawo panthawiyo, Jürgen Klopp, anatenga Fabinho ndi Jordan Henderson, amene anali msana wapakati, n'kuwabweza kumbuyo. Kuvulala kwa malo amodzi kunafooketsa malo awiri. Pakati panasowa wolanda mpira msanga timu ikangoutaya, choncho mpira sunkabwereranso mwachangu kwa akutsogolo adani asanakonzeke. Nthawi yomweyo timu yomweyi inapambana 3-1 kwa Tottenham ndi 3-1 kwa West Ham koyenda. Mu Malichi Fabinho atabwerera pakati, kumbuyo n'kuikidwa anyamata amene ntchito yawo ndi kutchingadi, monga Nat Phillips, Ozan Kabak ndi Rhys Williams, ngakhale anali osatchuka, timu inapambana masewero 8 n'kulepherana awiri mwa 10 omaliza ndipo inathera pa nambala 3. Mabwalo anali adakali opanda anthu chifukwa cha mliri wa Covid-19 kufikira sabata yomaliza ya ligi, ndiye sitinganene kuti anachiritsa ndi masapota.

Mwina mukudabwa kuti ngati vuto ndi ovulala, bwanji likuoneka pakhomo pokha. Pakhomo ndi koyenda ndi masewero awiri osiyana. Mlendo amabwera atakonzeka kukhala kumbuyo ndi anthu 8 kapena 9, kukusiyirani mpira, n'kumadikira kuti muutaye. Inu ndiye muyenera kutsegula chitseko chotsekedwa, ndipo ntchito imeneyi imafuna wapakati wodziwa kupatsira mpira pakampata kakang'ono. Akavulala iyeyo mpira umangozungulira m'mbali, kenako n'kuponyedwa m'bokosi momwe otchinga a mlendo akungoudikira ndi mitu. Komanso poti muli kutsogolo, otchinga anu amaima pafupi ndi mzere wapakati, kumbuyo kwawo kuli bwalo lalikulu lopanda munthu. Wolowa m'malo akakhala wochedwa liwiro, kapena sanazolowerane ndi mnzake kuti atuluka ndani ndipo atsala ndani, mpira umodzi wautali ndi wokwanira. Koyenda zinthu zimatembenuka: inu ndiye mumakhala kumbuyo mothithikana, kufooka kwa wolowa m'malo kumabisika, ndipo akutsogolo anu amapeza malo othamangira.

Musanaweruze aliyense, tengani pepala. Lembani masewero onse a pakhomo a sizoni ino, kupambana mapointi 3, kulepherana 1, n'kugawa ndi chiwerengero cha masewero. Tiyerekeze mwasewera 8, mwapambana 2, mwalepherana 3, mwagonja 3: ndi mapointi 9, pafupifupi 1.1 pamasewero alionse. Musafananize ndi sizoni yonse yatha ayi, fananizani ndi zimene munapeza kwa matimu omwewo atabwera chaka chatha, chifukwa n'kutheka kuti ndondomeko yangokubweretserani matimu amphamvu koyambirira. Kenako pambali pa masewero alionse lembani awiri amene anayamba pakati kumbuyo, mphindi imene munachinyidwa, ndi mtundu wa chigolicho. Zigoli za kona ndi firikiki zikachuluka, mwataya wolamulira mipira yam'mwamba. Zikakhala za mipira yodutsa kumbuyo kwa otchinga mutangoutaya, vuto ndi liwiro kapena pakati posowa wotseka. Zikamabwera mphindi 15 zomaliza, anyamata akutopa chifukwa benchi yachepa ndipo anthu omwewo akusewera mphindi 90 sabata ndi sabata. Masewero 8 ndi ochepa, penate imodzi yophonya imasintha chithunzi chonse, ndiye muwerengenso mipata yeniyeni imene timu ikupanga m'kati mwa bokosi.

Tsono za kuvulalako. Kafukufuku wa UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, wotsogozedwa ndi Jan Ekstrand, amene wakhala akutsata matimu akuluakulu a ku Ulaya kuyambira 2001, anapeza kuti timu ya osewera 25 iyembekezere kuvulala pafupifupi 50 pa sizoni, ndiye kuti kawiri wosewera aliyense. Anapezanso kuti matimu amene osewera awo sajomba kwambiri chifukwa chovulala amatolera mapointi ambiri. Choncho ovulala atatu si tsoka lachilendo. Chofunika n'kusiyanitsa mitundu iwiri. Bondo kapena kakolo wovulala chifukwa chopondedwa palibe amene angamuimbe mlandu kwenikweni. Koma minofu ikamang'ambika munthu akuthamanga yekha, makamaka wa kuseri kwa ntchafu umene madokotala amautcha hamstring, wa mphechepeche ndi wa katumba, ndipo zikachitikira anthu angapo m'masabata ochepa, pamenepo funsani za zokonzekera. Thupi limafuna maola 48 mpaka 72 kuti libwerere m'chimake pambuyo pa masewero. Kusewera kawiri pasabata ndi anthu omwewo, kapena kuwathamangitsa kwambiri tsiku lotsatira kugonja ngati chilango, ndi njira yachidule yopezera wovulala wachinayi. Kuchepetsa kwambiri nakonso n'koopsa: wosewera amene sabata yonse sanathamangepo ndi liwiro lake lonse, mnofu wake umadzidzimuka Loweruka.

Pali zinthu ziwiri zotchipa zimene timu iliyonse ingachite. Choyamba ndi FIFA 11+, masewero otenthetsa thupi a mphindi 20 ochitika kawiri pasabata kapena kuposa, omwe kafukufuku wasonyeza kuti amachepetsa kuvulala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chachiwiri ndi njira yolimbitsa minofu yotchedwa Nordic, imene imachepetsa kung'ambika kwa hamstring ndi pafupifupi theka. Wosewera amagwada pa chinthu chofewa, mnzake n'kumugwira akakolo mwamphamvu. Thupi likhale lowongoka kuchokera m'mawondo mpaka kumutu, ndiye azigwera kutsogolo pang'onopang'ono akudzigwira ndi minofu ya kuseri kwa ntchafu mpaka pamene sangathenso, n'kufikira pansi ndi manja. Sabata yoyamba achite kasanu, apume, achitenso kasanu, basi, tsiku limodzi lokha. Aziwonjezera pang'onopang'ono kwa masabata 10 kufikira masiku atatu pasabata, maulendo 12, 10 ndi 8, kenako kamodzi pasabata kuti mphamvuyo isathe. Zimene zimalakwika n'zodziwika: kupinda m'chiuno, zomwe zimachotsa ntchito pa mnofu wofunikawo, kuyamba ndi zambiri pakati pa sizoni, anyamata n'kuuma miyendo n'kuzida, ndi kuchita kutatsala tsiku limodzi kuti asewere.

Choopsa kwambiri pa timu imene ili pamene ili yanu ndi kufulumiza wovulala. Masewero a pakhomo akubwera, anthu akukuwa, akuluakulu a timu akufunsa kuti uje abwera liti. Hamstring wamba amatenga pafupifupi masabata awiri kapena atatu, wong'ambika kwambiri amapitirira mwezi, ndipo kuvulalanso kumachitika kwambiri m'masabata oyambirira munthu atangobwerera, kachiwiriko n'kukhala kunja nthawi yaitali kuposa poyamba. Asanalowe m'bwalo pasamapweteke akamadinidwa pamalopo, mphamvu za mwendo wovulala zifanane ndi za winawo, athamange ndi liwiro lonse kangapo osamva kanthu, ndipo achite zokonzekera zonse ndi anzake masiku angapo. Ayambire pabenchi, mphindi 20 kapena 30. Malamulo tsopano amalola kusintha osewera asanu, ndiye palibe chifukwa chomusiyira mphindi 90. Akakhala mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL, pambuyo pa opaleshoni madokotala ambiri salola munthu kusewera miyezi 9 isanakwane, ndipo timu ingomuchotseratu m'mapulani a sizoniyo.

Nanga masapota alibe gawo? Ali nalo, ndipo mliri wa Covid-19 unationetsa kukula kwake. Mu Premier League ya 2020/21, yomwe pafupifupi yonse inaseweredwa popanda anthu, alendo anapambana masewero 153 pomwe eni bwalo anapambana 144, zimene zinali zisanachitikepo m'ligi yaikulu ya ku England. Gawo lalikulu la mphamvu imeneyi limadzera mwa oyimbira. Mu 2002 ofufuza a ku England anaonetsa oyimbira 40 vidiyo ya masewero amodzi omwewo, ena ndi phokoso la anthu, ena popanda phokoso. Amene ankamva phokoso anaimbira eni bwalo zolakwa zochepa ndi pafupifupi 15 peresenti. Sikuti oyimbira amakondera dala, koma pa chigamulo cha kamphindi kochepa anthu zikwi akamafuula mbali imodzi, maganizo amapendekeka.

Mphamvu yomweyo imathanso kutembenukira eni ake, ndipo apa tikupempha kuti mutimvetse. Amene akukuwizidwa pabwalo lanu panopa ambiri ndi olowa m'malo, mwinanso anyamata ang'onoang'ono amene sanapemphe kuti aponyedwe m'moto. Wosewera woopa kukuwizidwa amasiya kuyesa mpira wovuta wopita kutsogolo, amapatsira wam'mbali kapena wobwerera kwa goloboyi, ena amabisala kuseri kwa mdani kuti asapatsidwe n'komwe. Mlendo wokhala kumbuyo amafuna zomwezo. Makochi a alendo amauza anyamata awo kuti apirire mphindi 20 zoyambirira, podziwa kuti zikatha popanda chigoli, masapota a pakhomo ayamba kuwagwirira ntchito. Choncho kuchepa kwa anthu ndi kukuwiza sizinayambitse vutoli, zabwera chifukwa cha zotsatira, koma zikulikulitsa.

Ngati muli m'gulu la masapota, zimene mungachite n'zoonekeratu. Anthu ochepa okhala pamodzi mbali imodzi amamveka kuposa ochuluka omwazikana bwalo lonse, ndiye gwirizanani malo amodzi, makamaka kuseri kwa golo. Nthawi imene nyimbo imafunika kwambiri ndi mphindi zisanu timu itangochinyidwa, chifukwa ndi pamene mitu imagwa ndipo chigoli chachiwiri chimalowa. Madandaulo okhudza kochi kapena akuluakulu apite kudzera kwa atsogoleri a masapota, kapena anenedwe masewero atatha. Kugenda ndi kulowa m'bwalo kumabweretsa chindapusa, nthawi zina chilango chosewera popanda anthu kapena kubwalo lina, ndiye kuti mwapereka nokha mwayi wa pakhomo umene mukuulirirawo.

Yang'ananinso bwalolo. Kodi timu ikusewera pamene inkasewera chaka chatha? Tottenham mu 2016/17 inapambana masewero 17 n'kulepherana awiri m'ligi pabwalo lake lakale la White Hart Lane osagonja, koma itasamukira ku Wembley, bwalo lokulirapo, inayamba ligi ndi kugonja ndi Chelsea n'kulepherana ndi Burnley ndi Swansea isanazolowere. Ngati simunasamuke, onani kapinga. Timu yodalira kupatsirana imafuna udzu waufupi, wosapitirira mamilimita 30, wothiriridwa masewero asanayambe kuti mpira uziyenda msanga. Bwalo louma ndi la mabampu limathandiza wotchinga, osati womanga masewero, ndipo kukonzekera pa nthaka yofewa sabata yonse n'kukasewera pa yolimba kumalemetsa akakolo ndi mawondo.

Za kochi, ife sitingamuchotse lero. Kochi watsopano adzapeza ovulala omwewo ndi benchi yomweyo. Pali mafunso awiri amene ayenera kuyankha. Kodi akuchotsabe wapakati wabwino kuti akatseke kumbuyo, pomwe pali wotchinga weniweni pabenchi ngakhale wachinyamata? Ndipo kodi wabweza mzere wa otchinga mamita angapo kumbuyo kuti ugwirizane ndi liwiro la anthu amene ali nawo panopa, kapena akuumirira kaseweredwe ka anthu amene kulibe? Ngati akusintha zinthu zimenezi, mpatseni masewero asanu kapena asanu ndi limodzi a pakhomo, awiri mwa ovulala atatuwo atabwerera. Mipata ya m'kati mwa bokosi ikakhala kuti sikuwonjezekabe, kapena minofu ikupitirira kung'ambika pa zokonzekera, pamenepo akuluakulu a timu akhale naye pansi pamodzi ndi amene amaona za mphamvu za osewera.