Paini amatheka, bola akhale wouma

Achimwene, mwafunsa ngati paini wamba, yemwe timakhomera denga uja, angasemedwe pa lathe, makina ozunguza mtengo posema, n'kukhala cholembera. Amatheka ndithu. Zolembera zanga zoyamba ndinasema kuchokera ku tizidutswa totsala tomwe ndinapempha kwa akalipentala ku Mchesi, ndipo chimodzi ndikulembera mpaka lero.

Koma chenjerani ndi chinyezi. Matabwa ambiri ochokera ku Chikangawa kapena ku Dedza amafika kuno ku Lilongwe asanaumitsitse. Mkati mwa cholembera mumalowa kachubu kachitsulo, ndipo mukamaliza kusema, mtengo wokuta kachubuko umatsala wopyapyala ngati chikopa cha mbuzi. Mtengowo ukamauma umafota, chitsulo sichifota, ndiye umang'aluka. Changa china chinang'aluka m'mwezi wa Okutobala, nditachipereka kale kwa malume ngati mphatso, ndipo zinandiwawa kwambiri. Chiyambire pamenepo ndimacheka tizidutswa ta mamilimita 20 m'lifupi ndi m'kukhuthala kwake, n'kutisiya pamthunzi, podutsa mphepo, milungu ingapo. Padzuwa ayi.

Poboola polowa kachubu, zolembera zowonda zija zimafuna biti ya mamilimita 7. Boolani pang'onopang'ono, mukutulutsa biti kuti utuchi uchoke, chifukwa utomoni wa paini ukatentha umamatirira. Pewani pamfundo.

Tsono paini ndi wofewa, ndipo kufewako n'komwe kumapusitsa anthu. Tchizulo yobuntha siidula, imangozomola nyama ya mtengo n'kusiya timaenje. Nolani kawirikawiri. Komanso muyang'anitsitse mizere yake: yofiirirayo ndi yolimba, yoyerayo ndi yofewa. Mukakanikiza sandipepa, yoyera imadyeka msanga, cholembera n'kumamveka mabampu m'zala. Ine ndimayamba ndi sandipepa wa nambala 150, kenako 240, mpaka 400, dzanja lopepuka, ndipo ndikazimitsa makina ndimakwecha motsata utali wa mtengo.

Vanishi yekha sindimukhulupirira pa paini, chikhadabo chimasiyabe chizindikiro. Ndimapaka supaguluu wamadzimadzi uja, kangapo, kudikira aume ndisanabwereze. Amalowa m'mtengo n'kuulimbitsa. Chitani zimenezi panja kapena mutatsegula mazenera, fungo lake limalasa m'maso.

Zogulitsa kwa anthu a m'maofesi ku City Centre, kunena zoona amakopeka kwambiri ndi mlombwa kapena mbawa. Koma musawononge mlombwa pophunzira. Semani kaye zolembera khumi za paini, kenako mudzatumize zithunzi tione mmene mizere yatulukira.